Macheke a paulendo kapena khadi la kubanki: ndalama zanu zimathera pati mukakhala kunja

Munthu amene akukonzekera ulendo wa ku Johannesburg, Dubai kapena London lero sangayembekezere kuti banki yake imugulitsa macheke a paulendo, mapepala ogulidwiratu ku banki omwe munthu ankawasintha kukhala ndalama akafika kunja. American Express, yomwe inkatsogola pa malondawa, inasiya kugulitsa macheke atsopano kumapeto kwa 2020. Thomas Cook, kampani ya maulendo ya ku Britain yomwe inkagulitsanso macheke, inagulitsa mbali yake ya zandalama kwa Travelex mu 2001, ndipo kampani yeniyeniyo inagwa mu September 2019. Koma nkhani ya macheke sinathe. Anthu ena akadali nawo m'masutikesi, otsala pa maulendo akale, ndipo ndi ndalama zenizeni. Chinanso, cheke chinkateteza wapaulendo ku zinthu ziwiri zomwe khadi wamba silimuteteza nazo bwino mpaka pano: kubedwa uli kutali ndi kwanu, ndi kugwa mphamvu kwa ndalama ya kwanu uli pa ulendo.

Chinayamba chifukwa cha vuto la bwana. J.C. Fargo, mkulu wa American Express, anapita ku Ulaya atanyamula kalata ya banki yomuloleza kutenga ndalama, koma akangotuluka m'mizinda ikuluikulu kalatayo inkasanduka pepala wamba. Atabwerera anauza wantchito wake Marcellus Berry kuti apeze njira ina, ndipo mu 1891 cheke cha siginecha ziwiri chinatuluka. Thomas Cook anali atayamba kale mapepala ofananako mu 1874, koma njira ya siginecha ziwiri ndi imene inafalikira.

Kagwiridwe kake kanali motere. Mumapereka ndalama zonse ku banki tsiku logula, iwo n'kukupatsani macheke a mtengo wokhazikika, monga a madola 20, 50, 100 kapena 500, aliyense ndi nambala yakeyake. Musanachoke pakauntala mumasaina cheke chilichonse pamzere woyamba, wa kubanki akuona. Wogula madola 2,000 m'macheke a 50 amasaina ka 40, ndipo dzanja likayamba kutopa siginecha imasintha, chinthu chomwe chinkavutitsa anthu pambuyo pake. Amakupatsaninso lisiti lokhala ndi manambala onse. Mukafika kunja mumasaina kachiwiri pamzere wina, pamaso pa wosintha ndalama, iye n'kuyerekeza siginecha ziwirizo ndi ya m'pasipoti. Chitetezo chonse chinagona pamenepa: wakuba sangasaine ngati inu munthu akumuyang'ana, ndipo inu mukaimba foni n'kutchula manambala a macheke obedwa, kampani inkawatseka n'kukupatsani ena. American Express inkalonjeza kubweza nthawi zambiri pasanathe maola 24.

Zolakwika zinkabwera mobwerezabwereza. Ena ankasainiratu mzere wachiwiri kuchipinda kuti asachedwe pamzere ku banki. Cheke chotere wosintha ndalama amachikana poti sanaone mukusaina, ndipo chikabedwa kampani sibweza, chifukwa mwachisandutsa nokha ndalama zamanja. Ena ankasunga lisiti la manambala m'chikwama chimodzi ndi macheke, zonse n'kupitira limodzi. Enanso sankachonga macheke omwe agwiritsa kale ntchito, ndiye pofunsidwa kuti abedwa ndi ati, n'kusowa poyambira.

Pa mtengo, cheke chinkadula katatu. Pogula panali komishoni, kawirikawiri 1 peresenti. Posintha panali ina, ndipo malo ambiri ankadula pa cheke chilichonse osati pa ndalama yonse, kotero wonyamula macheke ang'onoang'ono 20 ankalipira kwambiri kuposa wa macheke akuluakulu 4. Kenako mtengo wosinthira womwe. Mukanyamula macheke a madola kupita ku France, ndalama yanu yasinthidwa kawiri, kuchoka ku ndalama ya kwanu kupita ku dola, kuchoka ku dola kupita ku yuro, ndipo paliponse wina watapapo. Ku America makamaka n'kumene cheke cha madola chinkayenda ngati ndalama zamanja, munkagula nacho m'sitolo n'kulandira chenji. M'malo ena ambiri munkadikira banki kapena malo osinthira ndalama atsegule, ndipo wofika Loweruka masana ankatha kugona ndi njala mpaka Lolemba ali ndi chuma m'thumba.

Chifukwa chomwe mabanki amachikanira lero n'chosavuta kumva mukaima kumbali yawo. Banki yolandira cheke imatulutsa ndalama zake kaye, kenako n'kutumiza pepalalo kwa amene analitulutsa kuti abweze. Pepalalo likapezeka lachinyengo, kapena lili pa mndandanda wa obedwa, yaluza ndi bankiyo. Makina osindikizira atayamba kutchipa macheke abodza anachuluka, malamulo olimbana ndi kubisa ndalama zakuba anawonjezera mafomu, ndipo ofuna kusintha anachepa mpaka ogwira ntchito pakauntala ambiri a masiku ano sanachionepo n'komwe. Banki yomwe ingavomere kawirikawiri imafuna mukhale ndi akaunti komweko, ndipo ndalama imalowa patapita masiku kapena masabata. Kwa mlendo wa masabata awiri zimenezo n'chimodzimodzi kukanidwa.

Khadi linapambana chifukwa makina a ATM sagona ndipo mtengo wosinthira wa Visa ndi Mastercard umakhala pafupi ndi womwe mabanki amagulitsirana okhaokha, wabwino kuposa wa pabolodi la malo osinthira ndalama pabwalo la ndege. Koma khadi ndi kiyi chabe, nkhokwe yatsala kumudzi. Nthawi iliyonse mukaligunditsa pamakina, uthenga umachoka pasitolo kupita ku banki ya sitoloyo, kudutsa kwa Visa kapena Mastercard, kukafika ku banki yanu, yomwe imavomera kapena kukana m'masekondi ochepa. Pakaduka penapake, kaya netiweki, kaya makompyuta a banki yanu akukonzedwa usiku umenewo, ndalama muli nazo koma simungazikhudze.

Zodula pa khadi zimabisala m'malo anayi. Poyamba mtengo wa Visa kapena Mastercard, womwe ndi wochepetsetsa pa zonse. Pamwamba pake banki yanu imaika ndalama yake ya malonda akunja, kawirikawiri pakati pa 1 ndi 3 peresenti, ena kupitirira. Kachitatu ndi potapa ndalama: banki yanu imadula, mwini makina nayenso n'kudula yake, ndipo mbali yaikulu ya ndalamayi imakhala yokhazikika posatengera kuti mwatapa zingati. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi ndi R50 pa kutapa kamodzi ku Johannesburg. Wotapa R500 maulendo 10 walipira R500, ndiye kuti 10 peresenti ya ndalama zake, pomwe wotapa R5,000 kamodzi walipira 1 peresenti. Mantha onyamula ndalama zambiri ali ndi mtengo wake, ndipo njira yapakati ndi kutapa zokwanira masiku atatu kapena anayi, zina zonse n'kumalipira ndi khadi pasitolo pomwe, poti kugula sikudula ngati kutapa. Khadi la ngongole musalilowetse mu ATM pokhapokha zitavuta, chifukwa chiwongola dzanja pa ndalama zotapa chimayamba tsiku lomwelo.

Chachinayi ndi chimene chimadya anthu ambiri osadziwa, ndipo amachivomera okha ndi chala chawo. Makina akazindikira kuti khadi ndi lakunja amafunsa ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya kwanu kapena ya dziko lomwe muli. Funsolo amalikonza mokopa. Mbali imodzi akuonetsani ndalama yomwe mukuidziwa, mapaundi kapena maranda, ndi mawu oti mtengo ndi wotsimikizika, batani lake lalikulu kapena lobiriwira. Mbali inayo pali mawu ngati "without conversion" kapena "decline conversion", ooneka ngati mukukana chinthu chabwino. Mukasankha ndalama ya kwanu, wosintha salinso Visa kapena Mastercard koma kampani ya mwini makina, pa mtengo womwe yadziikira, ndipo phindu amagawana ndi sitolo kapena hotelo. Kuwonjezera 5 peresenti n'kofala, ndipo pa makina oima okha m'misewu ya alendo zimafika kupitirira 10. Bilu ya mayuro 200 yomwe pa mtengo wa Visa ikanakhala, tinene, mapaundi 172, pa 8 peresenti imafika pafupifupi 186. Yankho ndi limodzi kulikonse: sankhani ndalama ya dziko lomwe mwaimamo. Woperekera zakudya akabweretsa makina atasankhiratu, onani chizindikiro cha ndalama musanaike PIN, ndipo ngati chili cha kwanu muuzeni afufute ayambirenso. M'maiko a European Union, kuyambira April 2020 lamulo limakakamiza makina kuonetsa peresenti yomwe awonjezera pamwamba pa mtengo wa European Central Bank, banki yaikulu ya yuro, pa makhadi otulutsidwa m'maikowo. Amene amakumana ndi funsoli kwambiri ndi a makhadi a mapaundi, maranda ndi madola, kuphatikizapo abale athu okhala ku Britain ndi South Africa akamayenda.

Wa khadi la kwacha mavuto ake ndi ena, ndipo amayambira kunyumba asanakwere ndege. Chizindikiro cha Visa pakhadi sichitanthauza kuti ligwira ntchito kunja. Kugula kulikonse komwe mwachita ku Dubai banki yanu iyenera kukulipira mu ndalama zakunja, ndipo m'zaka zomwe Malawi wakhala akusowa madola mabanki akhala akuchepetsa malire a zomwe khadi lingagule kunja, nthawi zina kufika pa ndalama yosakwana ngakhale hotelo ya usiku uwiri. Pitani ku nthambi yanu sabata imodzi kapena ziwiri ulendo usanafike, ndi pasipoti, tikiti ndi viza ngati ikufunika, mukafunse zinthu izi mosiyanitsa: malire a pa tsiku, a pa mwezi, a pa ATM, a pamakina a m'sitolo ndi a pa intaneti, poti amakhala osiyana. Funsaninso ngati khadi liyenera kutsegulidwa mwapadera kuti ligwire kunja, ndipo muwauze maiko ndi masiku, kuphatikizapo dziko lomwe mungodutsamo posintha ndege. Makompyuta a banki akaona khadi lomwe dzulo linagula ku Limbe lero likutapa ku Addis Ababa amatha kulitseka poganiza kuti labedwa.

Dziwaninso kuti mabanki ambiri a m'chigawo chino amalipirana ndi Visa ndi Mastercard mu madola. Mukagula mu maranda, ndalamayo imasinthidwa kupita ku dola kenako ku kwacha, kusintha kawiri konga kwa macheke kuja. Ndipo mtengo womwe umagwira ntchito ndi wa tsiku lomwe malondawo amalizidwa m'mabuku, lomwe lingakhale masiku awiri kapena atatu mutagula. Pa ndalama yokhazikika kusiyanako n'kochepa. Koma Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene anali pa ulendo akudalira akaunti ya kwacha anadzuka ndalama zake za ulendo zitafota. Wa macheke sakanamva kanthu, chifukwa madola ake anawagula tsiku lonyamuka. Cholowa m'malo mwa cheke pa mfundo imeneyi ndi khadi lothiramo ndalama zakunja musananyamuke, kapena khadi lolumikizidwa ku akaunti ya ndalama zakunja kwa amene ali nayo. Pa khadi lothiramo funsani za ndalama yothirira, yotapira, yodulidwa likangokhala osagwira ntchito, ndi mtengo womwe adzakugulireni zotsala.

Hotelo ndi makampani obwereketsa galimoto ali ndi msampha wawo womwe si wachinyengo koma umapweteka. Pofika amagunditsa khadi n'kutsekereza ndalama ya chikole. Masiku 3 pa madola 80 ndi chikole cha 150 ndiye kuti madola 390 sakugwiranso ntchito, ngakhale sanachoke mu akaunti. Pa khadi la ngongole zimangochepetsa malire. Pa khadi la debit ndi ndalama zanu zenizeni za chakudya. Choipa kwambiri ndi kulipira ndi khadi lina kapena ndalama zamanja tsiku lotuluka: bilu yalipidwa, koma chotsekereza choyamba chija chimakhalabe mpaka hotelo itachimasula kapena nthawi yake itatha, zomwe zimatenga masiku angapo, penanso mpaka mwezi. Lipirani ndi khadi lomwe munapereka pofika, ndipo pemphani pepala losonyeza kuti chikole chamasulidwa. Obwereketsa galimoto ambiri sakulandirani n'komwe popanda khadi la ngongole la dzina la woyendetsa.

Nambala ya foni yasanduka gawo la khadi, ndipo apa ambiri amagwa. Kugula tikiti ya sitima kapena kulipira hotelo pa intaneti kumafuna nambala yachinsinsi yomwe banki imatumiza pa SMS ku nambala ya kwanu. Munthu amafika pabwalo la ndege, amachotsa simukhadi ya kwawo, amaika ya komweko kuti intaneti itchipe, madzulo n'kumadabwa kuti uthenga sukubwera. Tsegulitsani roaming musananyamuke, siyani simukhadiyo m'foni yolowa ziwiri kapena m'kafoni kena, data yake muzimitse kuti isakudyereni mayunitsi. Ngati banki yanu imatha kutumiza nambalayi pa imelo kapena pa app, konzeranitu zimenezo muli kunyumba.

Pa ATM, sankhani makina a mkati mwa nthambi ya banki nthawi ya ntchito, chifukwa akameza khadi muli ndi munthu womuuza. Amameza mukalakwitsa PIN katatu kapena mukachedwa kulichotsa, ndipo mabanki ambiri sabweza khadi la banki ina, amaliwononga. Ku South Africa kuba kofala ndi kwa munthu wooneka waulemu amene amabwera kudzakuthandizani kuti makinawa akuvuta, n'kusinthanitsa khadi lanu ndi lina lofanana mtundu mnzake akuonera PIN. Musalole aliyense kukhudza khadi, phimbani dzanja polemba PIN, ndipo khadi likatuluka onani ngati dzina lili lanu. Makina akadula mu akaunti osatulutsa ndalama, lembani nambala ya makinawo, nthawi ndi kuchuluka kwake, sungani kalisiti, ndipo dandaulo mukapereke ku banki yanu osati kwa mwini makina. Banki yanu ndi imene imatsegula mlandu kudzera kwa Visa kapena Mastercard, mwini makina n'kuwerenga zotsala m'makinamo. Nthawi yodandaulira kawirikawiri ndi masiku 120, koma osadikira mpaka mutabwerera.

Khadi likabedwa mumalitseka msanga pa app kapena pafoni, kuposa mmene zinkakhalira ndi macheke. Kupeza lina ndiye nkhani. Visa ndi Mastercard ali ndi ntchito yotumiza khadi kapena ndalama zadzidzidzi, koma zimayenda pokhapokha banki yanu itavomereza, ndipo banki ikakhala yotseka kumapeto kwa sabata mudikira. Apa cheke chinali patsogolo, ndipo palibe chomwe chalowa m'malo mwake kupatula kudzikonzera nokha: makhadi awiri a mabanki osiyana, limodzi la Visa lina la Mastercard ngati n'kotheka, osasungidwa m'chikwama chimodzi, ndi nambala ya foni ya banki yolembedwa papepala m'njira yoimbira muli kunja, poti manambala aulere aja sagwira kunja kwa dziko. Zikavutitsitsa wachibale angatumize kudzera ku Western Union kapena MoneyGram, koma polandira pamafunika pasipoti, ndiye isamakhale pamodzi ndi makhadi.

Kumene mukupita n'kumene kumalamula zambiri. Mabasi a ku London salandira ndalama zamanja kuyambira July 2014, mumangogunditsa khadi, ndipo pa sitima zapansi muzigunditsa khadi lomwelo polowa ndi potuluka, apo ayi akudulani mtengo wokwera. Ku Sweden masitolo ambiri safuna ndalama zamanja. Ku Germany malo ang'onoang'ono odyera akadakonda zamanja. Ku China malonda a tsiku ndi tsiku amayenda pa ma app a pafoni a Alipay ndi WeChat Pay, ndipo kuyambira 2023 zonse ziwiri zimalola kulumikiza khadi lakunja, ntchito yofunika kuichita musanafike ku Guangzhou. Ku Russia makhadi a Visa ndi Mastercard otulutsidwa kunja sagwira kuyambira March 2022. Wokaoda katundu ku Kariakoo mu Dar es Salaam amafunika ndalama zamanja, ndipo akanyamula madola akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwa: osintha ndalama ambiri kum'mawa kwa Africa amakana mapepala osindikizidwa chisanafike chaka cha 2006, ena 2009, ndipo a 50 ndi 100 amagulidwa pa mtengo wabwino kuposa a 5 ndi 10.

Pachipata cha dziko, macheke amawerengedwa ngati ndalama zamanja. Kulowa mu European Union ndi mayuro 10,000 kapena kuposa, mu Britain ndi mapaundi 10,000 kapena kuposa, mu America ndi zopitirira madola 10,000, muyenera kulembetsa, ndipo pophatikiza amaikamo ndi macheke omwe. Ndalama za mu akaunti yanu ya kubanki sizilowa m'chiwerengero chimenechi. Sungani malisiti a komwe munagula ndalama zakunja, chifukwa amafunsidwa potuluka ngakhalenso pogulitsa zotsala.

Tsono amene apeza macheke akale m'nyumba. A American Express satha ntchito, kampaniyo imawalemekezabe ngakhale inasiya kugulitsa. Musasaine mzere wachiwiri mpaka wolandira atakuuzani. Jambulani cheke chilichonse mbali zonse, lembani manambala, kenako onani pa tsamba la intaneti la kampaniyo njira yomwe ilipo m'dziko lanu, poti m'maiko ena muli malo olandira pomwe m'maiko ena mumadzaza fomu n'kulandira ndalama mu akaunti. Musanapite ku nthambi iliyonse imbani foni mufunse ngati nthambi imeneyo, osati banki yonse, imalandira, komishoni yake ndi ingati, ndiponso ndalama idzalowa patapita masiku angati. Pa macheke a makampani ena werengani dzina la amene anatulutsa lomwe lasindikizidwa papepalapo, chifukwa ngongoleyo ndi yake, si ya banki yomwe inakugulitsani. Macheke a ndalama zomwe zinatha yuro itabwera amawerengedwa pa mtengo wokhazikika, mamaki a ku Germany 1.95583 kapena mafranki a ku France 6.55957 pa yuro imodzi. Mwini wake akakhala kuti anamwalira, wachibale asayese kusaina m'malo mwake. Woyang'anira chuma cha masiye ndi amene amalemba kalata ku kampaniyo, ataphatikiza kalata ya imfa ndi mapepala a khoti omupatsa udindowo.